Ukalikwere Phirilo, Elube

Matero, Lusaka
Lamulungu masana

Mwana wanga Elube,

Ndathawira kuseri kwa nyumba ndi cholembera changa chifukwa m'nyumbamo simukukambika nkhani. Azimayi a kumpingo adzaza mpaka pakhomo, aliyense ndi malangizo ake, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo chinthu chotalika kuposa chulu. Iwenso ukundidziwa bambo ako, ndikati ndilankhule pakamwa mawu amakwera okha, anthu n'kumayesa ndikukalipa. Ndiye ndalemba. Kalatayi ukaiwerenge lole ikadutsa Kapiri, fumbi litayamba kukulowa m'mano, nthawi imene mtima udzayambe kukufunsa ngati unachita bwino kuchoka.

Unachita bwino. Pa ana onse a ku koleji ya uphunzitsi kwanuko anasankha atsikana owerengeka kuti akakwere Kilimanjaro, ndipo iwe uli pomwepo. Pita.

Lachisanu lija, iwe uli kutauni kokapimidwa kwa dokotala, kunabwera ba Mwanza, amalume ake a Jekisoni, mnyamata amene akukufunsirayu. Amako anati ndisakuuze, koma ine ndikuuza, chifukwa nkhaniyi ndi yako. Anapeza buluku lako lija, limene anakusokera Che Bwanali telala wa kumsika, lili pachingwe. Analiyang'ana ngati aona njoka.

"Batate bake Elube," anatero atakhala pansi, "ivi vinthu sitinavionepo. Mukazi kuvala buluku, kuyenda kugona mu mapiri na bantu ba mitundu yonse? Ngati ayenda, ise ku banja kwathu tizaganizapo bwino pa nkhani ya chikwati."

Ndinawayankha kuti, "Ba Mwanza, kaganizeni ndithu. Nthawi yoganiza muli nayo yambiri, poti mwanayo akunyamuka Lolemba."

Amako anandiponda chala pansi pa tebulo, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo sindinawabweze. Ngati Jekisoni ali mwamuna adzakudikira. Ngati akuopa mkazi amene wakwera phiri, ndi bwino tadziwiratu ng'oma zisanalire.

Sindinaiwalenso zimene unandiuza za mayi wachizungu wa ku koleji kwanu, amene anati mtsikana wa mu komboni adzabwerera tsiku lachiwiri. Mawu ake ndi a ba Mwanza udzawanyamula m'mutu mwako ngakhale usafune. Chimene ndikuopa ine ndi chimenecho, Elube, kuposa kuzizira. Mawu onyoza amamuthamangitsa munthu pamene ayenera kudekha, ndipo amamutseka pakamwa pamene ayenera kunena kuti ndadwala. Ndikudziwa chifukwa phiri limenelo ndinalikwera, ndipo mawu otero ndinakwera nawo.

Unkamva ndikuitchula nkhaniyi mwapatalipatali. Lero uimve yonse.

Nthawi ya nkhondo yaikulu ija, iwe uli kumsana kwa amako kwathu ku Mulanje, ine ndinali dalaivala wa malole a asilikali. Tinakhala nthawi yaitali pa msasa wina pafupi ndi tauni ya Moshi, ku Tanganyika, kudikira zitsulo za malole athu zimene sizinkabwera. Mitambo ikayera m'mawa tinkaliona phirilo, mutu wake uli mbuu ngati lasenza ufa. Kaputeni wathu, mzungu wochepa thupi wosakonda zolankhula, anapempha tchuthi kuti akalikwere. Analemba amtengatenga a komweko ndi wotsogolera njira, bambo wachikulire wa mtundu wa Achaga a m'tsinde mwa phirilo, dzina lake Yohane. Kwa ife asilikali anafuna awiri, wina wophika, wina wosamala katundu wake. Anasankha ine ndi Che Bwanali, omwewa akusokera bulukuwa. Nthawi imeneyo anali mnyamata wamphamvu wochokera kunyanja, wokhoza kunyamula tayala la lole yekha.

Tikumanga katundu, sajeni wina wachizungu anauza Kaputeni akuseka, ife tikumva, "Anyasa anuwa mukawasiye pa kanyumba komaliza azikawiritsa tiyi. Pamwamba paja si pawo."

Che Bwanali anandikokera kuseri kwa lole. "Achimwene, mwamva? Ine ndikafika pamwamba, ngakhale chokwawa."

"Tikafika tonse," ndinatero.

Cholakwa changa choyamba chinali liwiro. Ndinkati ine ndine mwana wa Mulanje, ndakula ndikutsika ndi matabwa a mkungudza pamutu, phiri lingandiuze chiyani? Tsiku loyamba tinalowa m'nkhalango yonyowa, mitengo yake itavala ndele mpaka m'nthambi. Yohane ankayenda patsogolo ngati akuperekeza maliro. Ine ndinam'pitirira ndi katundu wanga yense, n'kumakam'dikira kutsogolo nditakhala pamwala ndikuimba mluzu. Akandipeza ankangoti, "Polepole, askari," kutanthauza kuti pang'onopang'ono msilikali, n'kupitirira ndi kayendedwe kake komweko. Tsiku lotsatira nkhalango inatha, tinalowa m'dziko la udzu ndi zitsamba, ine ndikuthamangabe. Dzuwa lisanalowe, litsipa linandigwira ngati wina wandimanga waya pamphumi n'kumaupota. Ndinasanza zonse zimene ndinadya. Yohane anandiyang'ana osaseka. Anati kuyambira mawa maso anga azikhala pa zidendene zake, ndipo ndikaponda patsogolo pa iye anditsitsa. Mwamwayi Kaputeni nayenso sanali bwino, ndiye tinagonera pamalo omwewo tsiku lina lathunthu. Masana Yohane anatikweza pang'ono kamtunda kenakake n'kutibweza kudzagona pansi, akuti thupi liyambe lalawa mpweya wa kumtunda lisanakagoneko. M'mawa mwake mutu unapepuka.

Ndiye tamvera, mwana wanga. Kumwambako mpweya ndi wochepa. Umakoka kwambiri koma chifuwa sichikhuta, ngati ukumwa phala la madzi okhaokha. Mphamvu za miyendo sizithandiza, ndipo amene amayamba kugwa ndi anyamata amphamvu omwe. Iwe unakulira muno mu Lusaka mosalala ngati mphasa, phiri sulidziwa, ndipo mwina ndi mwayi wako, chifukwa ulibe matama amene ndinali nawo ine. Uyende pang'onopang'ono kuyambira tsiku loyamba, pamene thupi likukuuza kuti ungathe kuthamanga. Ena akakupitirira, asiye. Akakutcha kamba, vomera. Kuthamanga si kufika. Upeze wotsogolera njira wa komweko, umupatse ulemu wonga umene umandipatsa ine, ndipo maso ako akhale pa zidendene zake.

Cholakwa chachiwiri chinali cha madzi ndi chakudya. Kukazizira ludzu silimveka, ndiye ndinkangoyenda botolo lili lodzaza m'chiuno. Chakudya nachonso chinkanunkha ngati sopo, ngakhale chophika ndekha. Ndinkapatsa amtengatenga gawo langa n'kumadziona ngati wachifundo. Yohane atazindikira anayamba kundiimirira mpaka nditameza. Iwe usadikire wokuimirira. Imwa madzi usanamve ludzu, imwanso. Idya ngakhale pakamwa pakukana, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Mtedza wokazinga umene amako akuikira m'chitini usagawe wonse tsiku loyamba pofuna kutchuka. Wina akakupatsa mowa kapena fodya kuti akutenthetse, kana.

Palinso tizinthu tina timene sindinauzidwe ndi munthu. Dzuwa la kumwambako limawotcha kuli kozizira, milomo yanga inang'ambika mpaka kutuluka magazi, ndiye uzidzola mafuta ndi kuvala chipewa. Magalasi akuda amene adzakupatseni si a manyado. Ukafika pa chipale chofewa, madzi oundana oyera aja, kuwala kwake kumalasa m'maso. Masokosi amodzi uwasunge ouma mkati mwa malaya, akhale ogona nawo basi. Tulo tidzavuta, nthawi zina udzadzidzimuka ngati mpweya unaima. Usachite mantha, khala tsonga, upume mozama, zimapita. Zina za chizimayi amako akuuza okha.

Tsopano ndifike pa nkhani ya Che Bwanali, imene ndikufuna uiwerenge kawiri.

Titachoka m'dziko la zitsamba tinalowa m'chipululu cha miyala ndi mchenga, chopanda udzu, chopanda mbalame, mphepo yokhayokha. Kanyumba komaliza tinkakaona patsogolo kuyambira m'mawa, koma kankaoneka ngati kakutithawa. M'chipululu mmenemo ndi mmene ndinamva Che Bwanali akutsokomola. Anali atatsalira m'mbuyo, munthu amene masiku onse ankakhala pambali panga. Nditawadikira ndinaona milomo yawo yasanduka yotuwa, ndipo akapuma m'chifuwa munkamveka ngati madzi akuwira mu ketulo. Ankayenda modzandira ngati woledzera, munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire.

"Achimwene, mwadwala," ndinatero.

"Ndi fumbi chabe."

"Ndikauze Yohane."

Anandigwira mkono ndi mphamvu imene inawatsalira. "Mukanena, si inu m'bale wanga. Mukufuna sajeni uja akaseke? Mukufuna akanene kuti ndinanena ine? Ndatsala pang'ono."

Sindinakamuuze Yohane, Elube. Ndinawalandira katundu wawo n'kuika pa wanga, tinayenda mpaka pa kanyumbako. Ndinkaganiza kuti akapuma apeza bwino monga ndinapezera ine. Sindinkadziwa kuti matenda a phiri ali pawiri. Pali litsipa ndi nseru zimene zimatha ukapuma, ndiye pali ena amene kupuma sikuwachiza, mankhwala ake ndi kutsika basi. Titafika anagona pansi, koma kugona kunawakanika, mpweya unkabwera pokhapokha atakhala tsonga. Kenaka anatsokomola thovu lofiirira. Pamenepo ndinadzuka n'kukamuitana Yohane.

Yohane anaika khutu pamsana pawo kamphindi, n'kuitana amtengatenga awiri amphamvu. Sanapemphe chilolezo kwa Kaputeni, anangomuuza kuti munthu uyu akutsika tsopano lino. Anawakulunga m'bulangeti n'kuwanyamula. Potuluka pakhomo Che Bwanali anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. "Mwandigulitsa," anatero.

Sanandilankhulenso mpaka nkhondo inatha, tinabalalika osatsanzikana. Patapita zaka, titasamukira kuno, ndinawapeza mwangozi pakhonde la sitolo kumsika wa Matero akupalasa makina osokera. Ndinaima osadziwa ngati ndipereke moni. Iwo anaimitsa makina, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anasuntha nsalu pa benchi kuti ndikhale. "Achimwene," anatero, "mukanandimvera tsiku lija, bwenzi pano ndili mwala wa phiri la eni." Chifuwa chimene umawamva nacho nyengo yozizira chija anachitenga kumeneko. Pamene ndinawauza kuti wasankhidwa, anakana kuti buluku lako lisokedwe ndi telala wina.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wanga. Ukamva mutu ukupweteka, nena. Ukamva nseru, nena. Ukayamba kutsokomola konyowa, kapena mpweya ukamakuthera utangokhala pansi, kapena miyendo ikamapita kumene sunaitume, kapena ukamaiwala zimene umanena, tsika nthawi yomweyo, usadikire kuti kuche. Ukaona zimenezi pa mnzako, kanene ngakhale akutukwane, ngakhale akulumbirire kuti chibale chatha. Ndipo ngati wotsikayo udzakhale iwe, utsike mutu uli m'mwamba. Mayi wachizungu uja adzati ndinanena ine, ba Mwanza adzati tinanena ise. Anene. Sindinakulere kuti ukafere pakamwa pa anthu amene sanapondeko n'komwe. Phirilo silisamuka, ukhoza kudzalibwereranso. Usalole munthu wonyoza akusankhire tsiku lofera.

Koma thupi likalola, Elube, usabwerere chifukwa cha mawu a munthu. Imva mmene zinathera.

Che Bwanali atatsitsidwa, Kaputeni anandiitana. Anali atakhala pa bokosi, nkhope yake ili ngati pepala. Anati ine nditsale pa kanyumbako, ndisunge moto, iye akabwera apeze tiyi wotentha. Msilikali sakana lamulo, ndipo ndinkadziwa kuti kumsasa kuli chitokosi cha anthu okana malamulo. Koma ndinaganiza za mnzanga amene anali atangotuluka pakhomo m'bulangeti.

"Bwana," ndinatero, "tiyi awiritsa amtengatenga. Ine ndikupita pamwamba."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana Yohane. Yohane anandiuza kuti ndiyende mowongoka kuchoka pakhomo kufika kukhoma, anamvetsera chifuwa changa, n'kugwedeza mutu kuvomera. Kaputeni anangokweza mapewa. Ndikhulupirira analibe mpweya wokanganira.

Tinanyamuka kusanache, atatu. Njira yake ndi ya timiyala toterereka, ukaponda kukwera phazi limabwerera theka. Tinkayenda mokhotakhota, mapazi ochepa n'kuima, mapazi ochepa n'kuima. Madzi anaundana m'botolo. Zala zakumapazi sindinkazimva. Kangapo konse mtima unandiuza kuti khala pansi ugone pang'ono chabe, ndipo tulo take tinali tokoma kuposa tulo tonse ndinagonapo. Usadzagone pamenepo, Elube, ngakhale tikome bwanji. Yohane ankatigwedeza mapewa tonse awiri mofanana. Pena Kaputeni ankasanza ine nditamugwira lamba, pena ndinkagwada ine iye n'kundikoka kolala. Panalibe bwana pamalo paja, phiri silinafunse chitupa cha munthu.

Dzuwa linatuluka tili pafupi kufika. Titakwawa miyala yomaliza tinapezeka tili pamlomo pa chidzenje chachikulu chimene chili pamutu pa phirilo, mkati mwake muli makoma a madzi oundana otalika kuposa nyumba zosanja za mu Cairo Road, obiriwira ngati galasi la botolo. Nditatembenuka ndinaona mitambo ili pansi pa mapazi anga, yoyalidwa mpaka kumene maso amalekezera, dzuwa likutulukira pansi pake. Pamene mitambo inang'ambika ndinaona dziko la Tanganyika lili phee, misewu ngati ulusi, msasa wathu wonse ndi malole ake ndi sajeni wake osaoneka n'komwe.

Ndisakunamize kuti ndinavina kapena kuimba. Ndinakhala pamwala mutu ukugunda, misozi ikuuma pamasaya isanagwe. Kaputeni anandipatsa kamera kuti ndimujambule ndi Yohane. Ine palibe anandijambula, ndipo sindinapemphe. Yohane sanatilole kukhalitsa, anati pamwamba si pokhala, ndi pongoona. Iwenso ukafika usachedwepo. Uone, udye kanthu, uyambe kutsika mphamvu zikadalipo, chifukwa ambiri amavulala potsika, mawondo atatopa ndipo mtima utasiya kusamala.

Titabwerera kumsasa sajeni uja anati Kaputeni anachita kundinyamula. Kuno ku Lusaka ndikaikamba nkhaniyi kuntchito anzanga amaseka, amati madala awa ayamba nthano. Ndinasiya kuikamba. Koma ndikuuze chimene phirilo linandipatsa. Zaka zonsezi ndaima pa mzere wa pawindo la butchala, kugula nyama imene sindinaloledwe kulowa kukaisankha. Ndaimitsidwa pamsewu ndi kamnyamata ka polisi kofuna chitupa, ndatchedwa boyi ndi ana oti ndingawabereke. Nthawi zonsezo, chipewa chili m'manja, mumtima ndimati iwe sunaone chimene ndinaona ine. Munthu amene anaimapo pamwamba pa mitambo, ngakhale umuweramitse khosi, m'kati saweramanso. Boma lawo la Chitaganyali likugwedezeka, aliyense akuona, ndipo ana amene uzidzawaphunzitsa adzakula m'dziko lina. Ndikufuna adzaphunzitsidwe ndi munthu amene sauzidwa ndi wina kuti malire ako ndi apa.

Koma usakwere chifukwa cha ine. Ngongole yanga ndi phirilo ndinathana nayo ndekha. Usakwerenso pofuna kutseka pakamwa anthu, pakamwa pa anthu sipatsekeka, ukabwera adzapeza china chonena. Ukwere chifukwa ukufuna kuona, monga unkachitira uli wamng'ono pamene unkakwera padenga la chimbudzi kuti uone sitima ikudutsa, amako akukuwa pansi.

Ndikubwereza, poti ndiwe mwana wanga ndipo liuma lako ndi langa lomwe. Pang'onopang'ono. Madzi. Chakudya. Ukadwala nena, mnzako akadwala nena. Thupi likakana tsika, munthu akakana pitirira.

Amako akhala akulira mobisa sabata yonse, koma usawaone ngati ali mbali ya ba Mwanza. Dzulo mayi wina wa kumpingo atanena kuti mwana wamkazi wotere sadzakhala pabanja, amako anamulanda kapu ya tiyi m'manja asanamalize n'kumuonetsa pakhomo. Ukawalembere ukafika ku Moshi, ngakhale mizere iwiri.

Dzulo ndinapempha kapitawo wa kugalaja kwathu kuti mawa ndichedweko pang'ono, ndikuperekeze kokwerera lole. Anakana. Anati malole a kampani sadikira ana a madalaivala, ndipo ndikapanda kuoneka belu likamalira ndisabwerenso. Ndamva, ndipo ndaganiza. Mawa ndivala jekete langa la kutchalitchi, ndisenza chikwama chako pamutu kuchoka pano mpaka kutauni, tidutsa pakati pa msika anthu onse akuona, iwe uli m'buluku lako pambali panga. Ndikaima pamenepo mpaka lole yanu itakhota. Belu lawolo alize, alizenso.

Mulungu akuyendetse, akusungire mpweya m'chifuwa, akubwezere kwa ife ndi mapazi ako.

Ndine bambo ako.